Kamtambo ka pa Nsangwe

1

Alipo anthu amene akamafotokoza tsoka lawo amalira, ndipo omvera amawakonda chifukwa cha zimenezo. Kwa ine musayembekezere misozi. Inaphwa m'nyengo yozizira ya chaka cha 1943, ndipo chiyambire pamenepo, ngakhale pamaliro, ndimangophimba nsalu kumaso kuti anamfedwa asandione ngati mfiti. Dzina langa ndine Josephine, kwathu ndi kufupi ndi Namitete. Nkhani yanga inayamba masana ena ndikusenda mtedza pakhonde.

Mng'ono wanga Helena anatulukira kuseri kwa nkhokwe atasenza kamtolo, mapazi ali mbuu ndi fumbi la ku Kasiya kumene anapita ku chitengwa. Chikwatiwire anali asanapondepo pakhomo panga.

"Odi, achemwali."

"Fika. Wayenda bwanji?"

Maso ake anali pa Stella, kamtsikana kanga ka zaka zinayi, kamene kankaunjika makoko a mtedza pafupi ndi mapazi anga. Ndikuti kanga chifukwa ndinakalera ndine kuyambira katangosiya bere. Wokabereka anali Helena.

"Ndabwera kudzatenga mwana wanga," anatero.

Ndinapitiriza kusenda. Ndikukumbuka kuti mtedza wina unali wofumbwa, ndipo ndinauyang'ana nthawi yaitali ngati ndiwo unali nkhani yaikulu tsiku limenelo.

"Amayi, awa ndani?" Stella anafunsa akundikoka nsalu.

"Amayi ako aang'ono. Apatse moni."

Madzulo atsibweni athu, a Obadiya, eni mbumba yonse, anabwera nanena kuti nkhaniyo ikambidwa Lolemba. Mwamuna wa Helena, a Henderson, adzabwera ndi ankhoswe awo. Mpaka tsikulo Helena azigona kwa amayi, mwana azigona kwa ine.

2

Amuna anga, a Dominic, anali kalipentala wa ku mishoni. Mabenchi a m'tchalitchi, mafelemu a mawindo, mabokosi a maliro, zonse zinkadutsa m'manja mwawo. Anali munthu wofatsa, mkamwini amene mudzi sunapeze pomugwirira. Vuto lawo linali limodzi: ankakonda kumwamba asanafe.

Anawayambitsa ndi wansembe wina wokalamba amene tinkangomutcha Bambo Chandevu. Iye anali ndi kamera ya matabwa, yopindika pakati ngati mvukuto wa osula makasu, ndipo ankajambula nyenyezi pa timagalasi topaka mankhwala. Nyenyezi siziima. Ukapanda kuzitsatira, pagalasi pamatuluka timizere ngati papalasa nkhuku. Ndiye a Dominic anamupangira choikapo kamera: matabwa awiri olumikiza ndi mahinjesi, pakati pake bawuti lalitali. Munthu ankazungulitsa bawutilo ndi dzanja, pang'onopang'ono, kamera nkumakwera pamodzi ndi thambo. Wotchi sinkaoneka mumdima, choncho muyeso unali pemphero: Tikuoneni Maria mmodzi, bawuti lazungulira kamodzi. Nkhondo ya azungu isanayambe, Bambo Chandevu anadwala nabwerera kwawo, ndipo zonsezo anasiyira kalipentala wake.

A Dominic ankasaka zinthu ziwiri. Choyamba chinali nyenyezi ina yofiira imene wansembe uja ankaitcha Mira, koma iwo ankaitcha Kamlendo. Imatulukira pamalo pamene panalibe kanthu, nkuwala, nkuzilala, nkusowa miyezi yambiri, kenako chaka chisanakwane nkubweranso pamalo omwewo. Ankaijambula nthawi ndi nthawi nkumayala magalasiwo pamphasa kuti aone mmene ikukulira ndi kuchepera.

Chachiwiri chinali kamtambo. Pa Nsangwe, nyenyezi zodziunjika zija zimene aliyense amazidziwa, akuti pafupi ndi imodzi mwa izo pali kamtambo kosaoneka ndi maso. Bambo Chandevu anafa nako njala, sanakagwirepo pagalasi. A Dominic nawonso anawononga magalasi ambiri osakapeza.

"Kamtamboko kalibe moto wakewake," anandiuza tsiku lina. "Ndi fumbi chabe. Kamawala chifukwa nyenyezi ili pafupi."

"Nanga nyenyeziyo itachokapo?"

"Kakhalapobe. Koma palibe angakaone."

Ine ntchito yanga inali kutsuka magalasiwo. Mankhwala otsukira ankawatulutsa a Dominic zilonda m'manja mpaka kulephera kugwira tchizulo, ndiye anandiphunzitsa. Ndinkadzitsekera m'kachipinda kosungira mbewu, m'mipata yonse nditatsekamo masaka, nyali nditaikulunga nsalu yofiira. Pagalasi zonse zimatuluka mozondoka: nyenyezi zakuda, thambo loyera, nkhope ya munthu wakuda yoyera ngati phulusa. Ukafuna chithunzi chenicheni umachita kusindikiza papepala.

Galasi lililonse linkakhala m'kachikwama ka matabwa kokhala ndi chitseko chosolola. Lamulo linali limodzi. Mlomo woyera wa chitsekocho ukakhala kunja, galasi ndi latsopano. Ukajambula, umatembenuza kuti kunja kukhale mlomo wakuda.

Akazi anzanga kuchitsime ankati ana a Josephine ndi magalasi, amawasambitsa mumdima. Ndinkaseka nawo. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo.

3

Zoona zake nzakuti mphatso inandikana. Amayi anandimwetsa mizu yowawa ya mitundu yonse, masisitere anandipatsa mendulo yovala m'khosi, koma mwezi uliwonse yankho linali lomwelo. Zaka zinapita. Anthu anasiya kundifunsa, ndipo kusiya kwawoko kunapweteka kuposa mafunso.

Chaka china amayi anatumiza Helena, ali kale namwali wamkulu, ku Kabudula kukasamala amayi athu aakulu amene ankadwala miyendo. Chaka chomwecho a Dominic ankapeza ntchito kawirikawiri cha ku Nambuma, kufupi ndi Kabudula, ndipo ankanyamula ndi kamera yomwe. Ankati kumeneko utsi wa malupsa ndi wochepa, Kamlendo amaoneka bwino. Ine ndinkawakazingira chimanga cha kamba wa panjira.

Kenako tinamva kuti Helena ali ndi pakati, mwini wake ndi mnyamata wina amene anathawira ku Halale. Dzina lake palibe anatchula. Amayi anapita okha kukamuchiritsa. Mwana atasiya kuyamwa, anabwera naye kumbuyo nadzamutsitsira pamphasa yanga.

"Mng'ono wako wapeza banja ku Kasiya," anatero. "Mwamunayo safuna mwana wa munthu wosadziwika. Tenga. Mwana wa mng'ono wako ndi wako yemwe."

Usiku umenewo sindinagone, ndinkangomvetsera kupuma kwake. Ndinali ndi chimwemwe chimene sindinachidziwepo, ndipo ndinkachita nacho mantha. A Dominic sanamugwire mwanayo sabata yonse. Anangokhala panja nkumupangira kabedi ka mlombwa, kosalala mwakuti ngakhale wansembe analibe kotero. Ndinkati ndi mmene amuna alili.

Panali kanthu kena kakang'ono. Tsiku lina ndinkapukuta kamera pabwalo, ndikusolola chivundikiro cha diso lake, amayi akudutsa ndi mtsuko.

"Usamachisolole mwamphamvu chimenecho," anatero. "Chimagwedeza bokosi, nkhope zimatuluka ziwiriziwiri."

Amayi angawo kamera ankaitcha ufiti wa azungu. Akakumana ndi mkamwini wawo panjira ankapatukira m'tchire, mwaulemu wa chipongozi, ndipo sanakhalepo naye mphasa imodzi. Ndinangoseka kuti gogoyu wamva kuti zimenezi. Sindinafunse.

4

Helena atabwera, a Dominic anasiya kudya. Akachoka ku ntchito ankakhala pakhonde nkumayang'ana Stella mpaka mdima. Magalasi anali atatha kalekale chifukwa cha nkhondo, ndipo Bambo watsopano ku mishoni analibe nazo ntchito nyenyezi. Chonsecho thambo la Julaye limenelo linali loyera ngati lochapa, mwezi uli kumdima, Kamlendo ali psuu, Nsangwe zikukwera bwino kusanache.

Lachisanu kadoli ka Stella ka thabwa kanathyoka mkono. Ndinapita m'bokosi la zida kukafuna guluu. Pansi penipeni, kunsi kwa mapuleni opalira matabwa, ndinapeza malaya akale a kaki atakulunga chinthu. Chinali chikwama cha galasi. Ndinachiyesa kulemera, galasi linalimo. Mlomo wa kunja unali woyera.

Ndinaganiza kuti analibisa kale nkuliiwala. Ndinafuna kuwasangalatsa, komanso ndinkafuna kuti manja anga apeze chochita Lolemba lisanafike. Tambala woyamba atalira ndinatulutsa kamera, ndinalowetsa chikwamacho mumdima, kenako ndinawadzutsa.

"Dzukani. Galasi lilipo limodzi."

"Mwalitenga kuti?"

"Ndinasunga. Mkazi sadya mbewu yonse."

Linali bodza laling'ono lofuna kutamandidwa. Iwo anakhulupirira. Anadzuka nafunsa ngati tilipereke kwa Kamlendo kapena kwa kamtambo.

"Kamlendo amabweranso," ndinatero. "Yesani kamtambo."

Analoza kamera pa Nsangwe, anasolola chitseko, anavundukula diso. Tinagwada pa mame, iwo akuyamba pemphero, ine ndikuyankha, dzanja lawo likuzungulitsa bawuti. Tinamaliza makolona atatu. Kuzizira kunalowa m'maondo mpaka ndinasiya kuwamva. Kum'mawa kutayamba kuyera anatseka, ine ndinachotsa chikwama nkuchifunditsa nsalu yanga iwo asanachione. Anamwa madzi otentha nkupita ku ntchito ali ndi nkhope yopepukirako.

5

Dzuwa litakwera ndinasiya Stella akusewera pakhomo, ndinadzitsekera m'kachipinda kaja. Ndinamiza galasi m'mbale ya mankhwala nkumaigwedeza pang'onopang'ono.

Galasi la nyenyezi limachedwa kuyankha, ndipo likayankha limangotulutsa timadontho. Ili linafulumira. Panatuluka chinthu chachikulu chakuda chooneka ngati malaya, kenako m'mphepete mwa denga la udzu. Ndinati mwina kuwala kwalowa penapake. Ndinayandikiza nyali.

Panali mkazi atakhala pamphasa, kutsogolo kwa khomo lotsegula la nyumba imene sinali yanga. M'manja mwake munali khanda losakwana mwezi. Pambali pake panagwada mwamuna, dzanja lili paphewa la mkaziyo. Anavala jekete lokhala ndi thumba limodzi lalikulu kuposa linzake. Ndinalidziwa, chifukwa ndinalakwitsa kusoka thumbalo ndine.

Mumdima wa khomo lija, pamwamba pa mitu yawo, panali timadontho takuda todziunjika. Zinali Nsangwe zathu za m'mawa womwewo. Mozungulira kadontho kamodzi panali kachifunga kotuwa ngati munthu wapumira pagalasi.

Ndikuuzeni chimene sindinauzepo munthu. Poyamba ndinaganiza kuti mkaziyo ndine. Ine ndi Helena timafanana mphuno ndi chipumi, ndipo pagalasi lozondoka nkhope zonse zimayera mofanana. Kwa kanthawi ndinadziona nditakhala ndi khanda langa, mwamuna wanga atandigwira phewa, ndipo mtima unavomera. Kenako ndinaona mutu utapendekera kumanzere, mmene Helena amachitira kuyambira ali mwana.

Sindinakuwe, sindinagwetse mbale. Ndinatsukuluza galasi m'madzi nkuliika m'mankhwala achiwiri okhazikitsa chithunzi, monga mwa masiku onse.

Panja panamveka mapazi othamanga. A Dominic anali atabwerera kudzatenga tchizulo, ndipo anapeza malaya a kaki ali pululu.

"Josephine," anaitana, dzanja lili pachitseko. "Josephine, galasi lija..."

"Musatsegule. Liwonongeka."

Sanatsegule. Munthu amene anathyola lamulo la ukwati sanathe kuthyola lamulo la kachipinda kamdima. Anaima panjapo mpaka ndinamaliza.

6

Tinakhala kuseri kwa nyumba, galasi litatsamira khoma kuti liume. Stella anali atagona pa kabedi kake.

"Munaiwala kutembenuza chitseko," ndinatero.

"Mutu sunali m'malo tsiku limenelo."

"Bwanji simunaliswe?"

"Pali nkhope ya mwana."

"Nanga bwanji simunalitsuke?"

Anayang'ana manja awo. "Wotsuka ndinu."

Ndinaliyang'ananso galasilo. Panali anthu atatu, ndipo kamera ija siijambula yokha.

"Anavundukula diso ndani?"

Nkhuku inadutsa pakati pathu ndi anapiye ake.

"Amayi," anatero.

"Amayi anu anamwalira tisanakwatirane."

"Amayi anu."

Zotsala anazinena ndi mawu otsika, maso ali pansi. Amayi ndi a Obadiya anawatumira munthu. Anati mbumba ikutha, nyumba yopanda mwana siimalimba, ndipo makolo anali ndi njira yake: mng'ono amaberekera mkulu wake. Akakana, alongedze zida zawo abwerere kwawo, ine andipezere mwamuna wina. Anati ine ndisadziwe chifukwa ndine mkhristu wouma mutu, ndikana. Mnyamata wa ku Halale kunalibe.

"Ndinkaopa kukutayani," anatero.

"Ndamva."

Ndinadikira kuti mkwiyo ubwere. Sunabwere. M'kati mwanga munali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali, ukautsina osamva kanthu.

Iwo anakweza maso nayang'ana galasi, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha osafuna. "Kamtambo kaja katuluka," ananong'ona. "Bambo Chandevu ankanena kuti galasi limene linalawako kale kuwala pang'ono limagwira msanga zinthu zozilala."

"Mwakagwira ndithu," ndinatero. "Zikomo."

Mutu wanga unali utayamba kale ntchito ina. Mwambo umene anandichitira mobisa uja ndinkaudziwa malire ake. Mwana woberekeredwa ndi wa nyumba ya mkulu, mng'ono sangabwere kudzamutenga. Ndiye kuti Stella sanali mwana wongondibwereka. Anali wanga mwa pangano, ndipo mboni inali itatsamira khoma ikuuma.

A Dominic anawerenga maganizo anga. "Chonde musapite nalo kubwalo. Asiyireni atsibweni, akonza."

"Anakonza kale kokwanira."

"Josephine, mverani. Asiyireni."

Ndinati ndi mantha a munthu woopa kuchotsedwa ntchito ku mishoni. Ndinakulunga galasilo m'nsalu yoyera nkuliika pansi pa mphasa yanga.

7

Lolemba tinakhala pansi pa mtengo wa mango wa kwa atsibweni. Amayi anakhala patali atafulatira mkamwini wawo, mwaulemu wonse. Helena anakhala ndi a Henderson, munthu wamtali wosalankhulalankhula. Nkhoswe yawo inali a Evance, mphunzitsi wa katekisimu, amene Loweruka lililonse ankakanena kwa wansembe zonse zochitika m'midzi.

Helena analankhula pang'ono. Anati ku Kasiya sagona, amamva mwana akulira kumene kulibe mwana. A Henderson atafunsidwa anati iwo akonda mkazi wawo, koma kulera mwana wosadziwika bambo wake nkovuta, mawa mwini wake adzatulukira kuchokera ku Halale. Zinkaoneka kuti angomuperekeza.

Atsibweni anatsokomola. "Tamva mbali zonse. Ife akuluakulu taona kuti..."

Ndinaimirira. Ndinkaopa kuti mawu akatuluka sabwereranso. Ndinamasula nsalu, ndinaitambasula kumbuyo kwa galasi kuti zonse zioneke, ndinalikweza padzuwa.

"Bambo wa mwana akudziwika. Ndi awa. Anakonza ndinu atsibweni, anajambula ndi amayi. Mwana uyu anandiberekera, ndipo mwambo wanu womwewo ukuti sachoka m'nyumba mwanga."

Palibe anadabwa, kupatula alendo awiri aja. Azimayi amene anakhala kumbuyo anangoweramitsa mitu, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti mudzi wonse unkadziwa, ndi a kuchitsime omwe. A Evance anayandikira, anayang'anitsitsa jekete lija, anayang'ana a Dominic, nabwerera pamalo pawo.

Helena anandiyang'ana mutu utapendekera kumanzere. "Achemwali, kodi simunkadziwa?"

"Ndadziwa Loweruka."

"Anandiuza kuti munapempha ndinu. Anati mwati ndikabereka ndichoke, musandionenso." Mawu ake anali owuma ngati anga. "Zaka zonsezi ndimadikira kuti mwina mutumiza ngakhale moni."

Ndinatembenukira kwa amayi. Ankakolopola dothi ndi kachitsotso.

A Evance anati, mwaulemu wawo wonse, iwo sangabise zimene aona ndi maso. Mwana wopezeka m'njira yachikunja sangakhale m'nyumba ya kalipentala wa mishoni ngati kuti mpingo wavomereza. A Henderson anati tsopano nkhani yasintha: mkazi wawo anamulakwira, ndipo sangasiye mwana wake kwa anthu amene anamugwiritsa ntchito ngati munda wobwereka.

Atsibweni anagwira galasi lija, analizondotsa, analibweza kwa ine.

"Pangano lija linali la mumdima," anatero. "Waliika padzuwa. Padzuwa mwana ndi wa amene anamubereka."

Anthu akubalalika, atsibweni anandiitanira pambali. Sanandikalipire, ankaoneka otopa chabe.

"Mwana wa mlongo wanga, ukanandilola kumaliza. Tinali titagwirizana kale usiku wathawu, ndi a Henderson omwe. Mwana akanakhala kwa iwe."

"Chabwino, atsibweni," ndinayankha. Ndinakulunganso galasi langa bwinobwino kuti lisakandike.

8

M'mawa mwake ndinamusambitsa Stella ndi madzi ofunda, ndinamudzoza mafuta a nsatsi, ndinamumangira zovala ndi kadoli kake kamene mkono ndinali nditamata. Ndinamuuza Helena kuti mwanayu sadya therere, ndipo akatentha thupi amafuna kumugwira phazi. Helena anamvetsera zonse akugwedeza mutu.

A Henderson anamunyamula Stella pamapewa. Mpaka pa nkhokwe mwanayo ankaseka, akuyesa masewera. Atadutsa pamenepo anayamba kuitana. Anaitana mpaka kutsidya kwa dambo. Ine ndinali nditakhala pakhonde ndi lichero, chifukwa mtedza uja unali usanathe.

Ku mishoni a Dominic anawaletsa kulandira Ukalistia mpaka chaka chinatha, koma ntchito sanawachotse, kalipentala wina kunalibe. Amayi anamwalira patapita zaka zochepa, ndipo ndinawasamala ndine mpaka tsiku lomaliza. Nkhani ija sitinaikambepo. Ine ndi a Dominic tinakhala limodzi mpaka imfa yawo. Sanajambulenso, ngakhale magalasi atayamba kupezeka nkhondo itatha. Koma chaka chilichonse ankadzuka m'bandakucha, nkuima pabwalo, nkubwera kudzandiuza kuti Kamlendo wabwera. Ndinkati chabwino, tsekani chitseko kukuzizira.

Stella anakula bwino ku Kasiya. Amabwera kudzandiona nthawi zina, amagwada, amanditcha amayi aakulu, amandisiyira shuga. Ndi mwana waulemu. Za pakhomo pano amangokumbuka kabedi.

Inu amene mukuwerenga, ndikudziwa kuti ena mukufuna kumva kuti ndinakhululuka, ena kuti ndinatemberera. Zonse ziwiri zimafuna mtima wotentha, ndipo wanga unazizira pa mame aja. Amayi ankati akundipatsa mwana. Amuna anga ankati akusunga banja. Ine ndinkati choonadi chindimenyera nkhondo. Tonse tinkamufuna Stella, ndipo palibe mmodzi anaganiza zongokhala pansi ndi ine ndi Helena nkutifunsa. Ngati m'banja mwanu muli munthu amene mukumukonzera zabwino iye osadziwa, pitani mukamuuze lero. Tsiku limene adzadziwe yekha adzaimirira pakati pa mawu anu, ndipo sadzadikira kuti mumalize.

Galasi lija lilipo. Ndinaliika pawindo, ndipo dzuwa likamalowa zonse zimaoneka: Nsangwe, kamtambo, khanda. Anthu odziwa za zithunzi andiuzapo kuti nditalisindikiza papepala chingatuluke chithunzi chokongola. Sindinalole, chifukwa papepala nkhope zimabwerera kwa eni ake.

Ana a m'mudzi muno akalowa m'nyumba amathamangira pawindopo. Amaloza mkazi wa nkhope yoyera uja nkufunsa kuti, "Agogo, ndinu apa muli ndi mwana?"

Ndimati eya, ndine.